Dothi la m'ndowa likatopa: kulitaya kapena kulidyetsa?

Kumapeto kwa Ogasiti, pamene mitengo ya msasa yayamba kuphuka masamba ofiira ndipo mphepo ikuulutsa fumbi m'misewu ya Mabvuku kuno ku Harare, ku Zimbabwe, ndimakhuthula ndowa zonse zimene ndinadzalamo ndiwo m'nyengo yozizira. Ndili ndi ndowa 14 za malita 20 zimene kale munali mafuta ophikira, ndiponso matumba angapo, zonse zondandalikidwa m'mbali mwa khoma, chifukwa bwalo la nyumba imene timachita lendi ndi laling'ono ndipo mbali yaikulu inaikidwa simenti. Lamulungu lapitali titatuluka m'tchalitchi, mayi wina wachitsikana amene wangoyamba kumene kudzala m'zidebe anandiimitsa pakhomo n'kundifunsa kuti: "Amayi, dothi limene ndakololamo repu lija lauma gwa, ndipo madzi sakulowanso. Kodi ndilitaye ndikagule lina?" Ndinamuuza kuti asalitaye kaye kufikira ataona mizu imene ili m'kati mwake, koma poti basi inali itafika sindinathe kumufotokozera bwino, choncho ndaganiza zolemba zonse pano kuti iyeyo ndi ena oyamba kumene apindule nazo.

Dothi limene lakhala m'ndowa nyengo yathunthu limatha kukhala ndi mavuto a mitundu iwiri yosiyana kwambiri, ngakhale kuti kunja chomera chimaoneka chimodzimodzi, chachikasu ndi chopinimbira. Pali dothi lanjala, ndipo pali dothi lodwala. Manyowa amathetsa njala, koma sachotsa matenda, ndipo munthu amene sanasiyanitse ziwirizi akhoza kutaya dothi labwino lomwe limangofuna chakudya, kapena kuthira manyowa ake amene wawavutikira miyezi itatu m'dothi lomwe lidzaphabe mbewu zake.

Zimenezi ndinaziphunzira kwa agogo anga aamuna, amene anachoka ku Dedza m'zaka za m'ma 1950, nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, mzinda uno ukutchedwabe Salisbury. Mofanana ndi anthu ambiri a kwathu amene anadzakhala ku Mabvuku ndi ku Tafara, iwo anagwira ntchito yosamalira maluwa m'mayadi akuluakulu a ku Greendale ndi ku Highlands kwa zaka zambiri. Atakalamba ankakhala pampando pafupi ndi khoma n'kumandiyang'ana ndikugwira ntchito, ndipo ndikangonyamula thumba la manyowa ankati: "Mdzukulu, usathamangire kuthira. Zula kaye chomeracho, ubwere nacho kuno tione mizu." Nthawi imeneyo ndinkaona ngati akundichedwetsa, koma lero palibe ndowa imene ndimabwezeramo dothi ndisanachite zimenezo.

Tiyambe ndi njala, chifukwa ndiyo imavuta kawirikawiri. M'munda, mizu imayenda kutali kukafuna madzi ndi michere, pamene m'ndowa chomera chimadya zokhazo zimene zili m'malita 20 amenewo. Kuwonjezera apo, nthawi iliyonse tikathirira mpaka madzi kutuluka m'mabowo apansi, michere ina imakokoloka nawo, makamaka nayitirojeni amene amabiriwitsa masamba. Zinthu zowola zimene zinkachititsa dothi kukhala lofewa zimapitiriza kuwola mpaka kutha, n'chifukwa chake mumapeza kuti dothi lomwe linali lodzaza mpaka kukamwa kwa ndowa mu Epulo latsika ndi zala zinayi pofika Ogasiti, lagwirana, ndipo lasiya mpata m'mbali momwe madzi amangodutsa osanyowetsa pakati. Amene anagula dothi la m'matumba ku nazale, lomwe kuno nthawi zambiri limakhala la makungwa a paini owoletsa, aonanso kuti likauma kwambiri limakana madzi, moti madontho amangoyandama pamwamba. Palinso kanthu koyera kokhala ngati ufa kamene kamaoneka pamwamba pa dothi ndi m'mphepete mwa ndowa. Umenewo ndi mchere wotsalira kuchokera ku feteleza, monga Compound D ndi AN amene timagula, komanso ku madzi a pamjigo kapena pachitsime amene ambiri a ife timadalira madzi a kumpopi akasowa. Ine ndimapala dothi la pamwamba lokhala ndi mchere woterewo, pafupifupi chala chimodzi kuzama kwake, n'kulichotsa. Zonsezi ndi zotheka kukonza, ndipo dothi lotere ndi limene sindilola kuti litayidwe.

Tsopano za mizu. Ndimathirira ndowa madzulo kuti dothi lifewe, ndipo m'mawa mwake ndimayala saka pansi, n'kutembenuza ndowayo ndi kuigogoda mpaka dothi lonse litatuluka lathunthu ngati keke. Ndikatero ndimaphwanya ndi manja pang'onopang'ono, n'kutsuka mizu m'beseni kuti ndiione bwino. Mizu yathanzi imakhala yoyera kapena yotuwira pang'ono, yowonda mofanana, yokhala ndi timitsitsi tambiri, ndipo ukaikoka imalimba. Mizu yakuda, yoterera, imene khungu lake limasupuka ukaigwira, imasonyeza kuti madzi ankadikha m'ndowamo ndipo mizu inawola. Koma chimene ndimachiopa kwambiri ndi mizu yotupatupa, yokhala ndi mfundo ngati mikanda yotungidwa pachingwe, chifukwa zimenezo ndi ntchito ya timinyongolotsi ting'onoting'ono tosaoneka ndi maso, timene alangizi a zaulimi amati manematodi. Timeneti timalowa m'mizu, kudya momwemo ndi kuikira mazira ambirimbiri amene amatsala m'dothi kudikira mbewu yotsatira. Timakonda kwambiri matimati, therere, mabilinganya, tsabola ndi kaloti, ndipo timachuluka msanga m'dothi lamchenga lofunda, ngati lomwe lili m'madera ambiri a kummwera ndi kummawa kwa mzinda uno.

Pano oyamba kumene asamale, chifukwa mizu ya nyemba, khobwe ndi mtedza nayonso imakhala ndi timibulu, koma timeneto ndi tabwino. Timibulu ta nyemba timakhala tomatirira m'mbali mwa muzu, timathothoka ukatikanda ndi chikhadabo, ndipo ukatiswa m'kati mwake mumaoneka mofiirira. M'menemo mumakhala tizilombo tothandiza timene timatenga nayitirojeni mumpweya n'kupatsa chomera. Zotupa za manematodi sizithothoka, chifukwa ndi muzu weniweniwo umene watupa. Ndinaonapo munthu akutaya ndowa yathunthu ya dothi lachonde chifukwa chakuti anaona timibulu pamizu ya nyemba zake, ndipo zinandiwawa mumtima.

Ineyo ndinalakwitsa mbali inayo. Chaka china, agogo atamwalira kale, ndinadzala matimati m'ndowa zinayi katatu motsatizana, chifukwa ulendo woyamba anabereka bwino kwambiri ndipo ndinaganiza kuti dothilo ndi lamwayi. Ulendo wachiwiri zokolola zinachepa, ndipo ndinawonjezera manyowa. Ulendo wachitatu mitengo inkafota masana ngakhale dothi linali lonyowa, n'kudzuka usiku, kenako inalekeratu kukula. Nditazula ndinapeza mizu yonse itatupa ngati zala za munthu wodwala nyamakazi. Manyowa onse amene ndinathira m'ndowa zimenezo sanathandize kanthu, chifukwa mizu yoti iwayamwe inali itawonongeka kale.

Pali matenda enanso a matimati amene amakhala m'dothi, omwe amafotetsa chomera mwadzidzidzi masamba akadali obiriwira. Njira yowadziwira ndi yosavuta. Dulani tsinde pafupi ndi dothi, n'kuviika mbali yodulayo m'tambula yagalasi yokhala ndi madzi oyera, osaigwedeza. Pakapita mphindi zochepa, ngati mwaona timizere toyera ngati mkaka tikutsika kuchokera patsinde, dziwani kuti ndi matenda a mabakiteriya amene amatseka njira za madzi m'chomera. Tizilombo timeneti timakhalitsa m'dothi, choncho dothi lotere sindilibwezeranso ku matimati, mbatatesi, tsabola kapena mabilinganya, zomwe ndi mbewu za banja limodzi. Ndimakalithira pansi pa mpanda wa maluwa kutali ndi ndiwo, ndipo chomera chodwalacho sindichiika m'manyowa. Ndowayo ndimaitsuka ndi sopo n'kuiyanika padzuwa masiku angapo.

Dothi limene lili ndi manematodi ochepa, kapena limene ndikulikayikira, ndimaliwotcha ndi dzuwa, ndipo n'chifukwa chake ntchito imeneyi ndimaiyamba panopa. Sepitembala ndi Okutobala ndiyo miyezi yotentha ndi yopanda mitambo kuno ku Harare, mvula isanayambe mu Novembala. Ndimachotsa mizu yonse, kunyowetsa dothi kuti likhale lachinyezi, n'kuliika m'mapepala apulasitiki oonekera mkati, osati akuda, ndipo ndimaliyala kuti likhale lopyapyala, losaposa kutalika kwa chikhatho. Ndikamanga bwino kukamwa, ndimawagoneka pasimenti pamene dzuwa limawomba tsiku lonse, n'kumawatembenuza pakatha mlungu uliwonse, kwa milungu inayi mpaka isanu ndi umodzi. Chinyezi n'chofunika chifukwa ndicho chimayendetsa kutentha m'dothi lonse, ndipo dothi louma silipsa mofanana. Masana ukagwira pulasitikiyo imawotcha dzanja, ndipo m'kati mumaoneka thukuta likuyenderera. Kutentha kumeneko kumapha mazira ambiri a tizilombo, njere za udzu ndi chuku choyambitsa matenda. Kumaphanso zamoyo zabwino, ndipo apa ndi pamene manyowa amafunikira kawiri, chifukwa kuwonjezera pa chakudya amabwezeretsanso moyo m'dothi lomwe latsala lopanda kanthu.

Kupanga manyowa pakhomo la m'tauni kumayamba ndi kuona zimene tikutaya. M'miyezi ino madzulo alionse utsi umakwera m'mayadi ndi m'mphepete mwa misewu, anthu akutentha masamba ouma amene asesa, pamene makoko a mbatata, a nthochi ndi mapesi a kabichi akulowa m'mabini kupita kudzala la zinyalala la ku Pomona. Zinthu ziwiri zimenezi, zimene wina akutentha ndi zimene wina akutaya, zikaphatikizidwa ndizo manyowa. Zinyalala za kukhitchini, udzu wauwisi, masamba a tiyi ndi zitosi za nkhuku zili ndi nayitirojeni wambiri ndi madzi ambiri, ndipo ine ndimangozitcha zaziwisi. Masamba ouma, mapesi a chimanga, udzu wouma, makoko a mtedza, utuchi ndi makatoni zili ndi kaboni wambiri, ndipo ndimazitcha zouma. Tizilombo timene timawoletsa zinthu timafuna zonse ziwiri, ndipo akatswiri amati timagwira ntchito bwino kaboni akachuluka kuposa nayitirojeni maulendo 25 mpaka 30. Pakhomo palibe amene angayeze zimenezo, koma muyezo wa ndowa umakwanira: ndowa imodzi ya zaziwisi, ndowa ziwiri kapena zitatu za zouma. Utuchi wokha ndi umene umafuna kuuchepetsa kwambiri, chifukwa uli ndi kaboni wochuluka zedi ndipo umachedwetsa mulu wonse.

Mulu wanga woyamba unalephera chifukwa chosowa zouma. Ndinkangotaya zonse za kukhitchini pakona imodzi, kuphatikizapo mkute wa nsima ndi msuzi wotsala, ndipo pasanathe milungu iwiri panali matope akuda onunkha, ntchentche zili ng'waa, makoswe atakumba una pansi pake. Amayi a nyumba yoyandikana nafe anabwera mwaulemu n'kunena kuti: "Anzanga, ana akulephera kudyera panja chifukwa cha fungo." Ndinachita manyazi kwambiri, ndipo anali ndi chifukwa chomveka chodandaulira. Fungo loipa limatanthauza kuti m'mulu mulibe mpweya, ndipo tizilombo timene tikugwira ntchito ndi tija tokhala mopanda mpweya, totulutsa fungo la dzira lowola. Tsiku lomwelo ndinaphwasula muluwo, kuusakaniza ndi matumba awiri a masamba ouma ndi makatoni ong'ambang'amba, ndipo patapita masiku atatu fungo linatha. Kuyambira pamenepo nsima, nyama, mafupa, nsomba, mafuta ndi mkaka sizifika pamanyowa anga, ndipo chilichonse chochokera kukhitchini ndimachikwirira ndi zouma nthawi yomweyo, kuti pasakhale chimene ntchentche ingaterepo. Ndimasunga thumba la masamba ouma pambali pa mulu chaka chonse, ndipo m'nyengo ino ndimasonkhanitsa okwanira kufika nawo m'dzinja, pamene zonse zimakhala zaziwisi ndipo chouma chimasowa.

Amene ali ndi malo aunjike mulu wa mita imodzi m'litali, m'lifupi ndi msinkhu, chifukwa mulu wochepera apo sutha kusunga kutentha. Malo akhale amthunzi ndiponso padothi, kuti nyongolotsi zithe kukwera. Pansi ndimayala timitengo ndi mapesi okhuthala kuti mpweya uzilowa, kenako zouma zokwana chikhatho chimodzi ndi theka, zaziwisi pamwamba pake, zitosi pang'ono, ndi dothi lodzaza manja awiri, n'kuwaza madzi, kenako kubwereza mpaka mulu utafika m'chiuno. Mapesi a chimanga ndimawadula ndi chikwanje kukhala tizidutswa ta ngati chala, chifukwa phesi lathunthu limatha chaka lisanawole. Ngati zaziwisi zachepa, kumsika waukulu wa Mbare Musika ndi m'misika ing'onoing'ono ya m'dera lathu mumakhala masamba akunja a kabichi ndi zotsalira zina zimene amalonda amalola munthu kutola akawapempha bwino. Achibale athu ku Malawi ali ndi njira yotchedwa chimato, imene amamata mulu wonse ndi matope n'kusiya kabowo pamwamba, ndipo njira imeneyi imasunga chinyezi bwino kwambiri. Ndinaiyesa chaka chimene madzi anavuta, ndipo inandipulumutsa kuthirira kawirikawiri. Dzenje nalonso limasunga chinyezi m'chilimwe, koma m'dzinja limadzaza madzi, makamaka kwa amene amakhala pafupi ndi madambo a dothi lamakande, choncho nthawi ya mvula mulu wa pamtunda wofunditsa ndi masaka ndiwo wabwino.

Amene akukhala m'chipinda chimodzi cha lendi asaganize kuti zimenezi si zawo. Chigubu chakale chobowola m'mbali ndi pansi ndi msomali wotentha, kapena thumba la ufa loluka lomwe limapuma lokha, zimakwanira. Manyowa a muno satentha kwambiri, motero amatenga miyezi isanu ndi umodzi kapena kuposerapo, ndipo njere za udzu sizifa, koma amapsa ndithu. Chofunika ndi kusunga muyezo womwe uja wa zouma ndi zaziwisi, ndi kugubuduza chigubucho kapena kugwedeza thumbalo kamodzi pamlungu.

Madzi ndiwo amativuta kuno, ndipo mulu wouma umangokhala osasintha kwa miyezi. Muyezo wake ndi wa m'manja. Tapani manyowa kuchokera pakati pa mulu n'kufinya mwamphamvu: akhale ngati nsalu yochapa imene mwaifinya kale, yonyowa koma yotulutsa dontho limodzi kapena awiri okha. Madzi akayenderera pakati pa zala ndiye kuti achuluka, wonjezerani zouma. Akamwazika mutangotambasula dzanja ndiye kuti ndi ouma. Ine ndimagwiritsa ntchito madzi otsukira mpunga, ndiwo ndi mbatata, komanso madzi omaliza otsukuluzira zovala, koma amene muli mankhwala oyeretsera zovala kapena mafuta a m'mapoto sindithira.

Mulu wosanjidwa bwino umayamba kutentha pakatha masiku awiri kapena atatu. Ndimabaya ndodo yosongoka mpaka pakati n'kuisiya momwemo, ndipo m'mawa uliwonse ndimaizula n'kuigwira. Ikatuluka yotentha ndi yonyowa, zonse zili bwino. Ikatuluka yozizira, ndiye kuti madzi kapena zaziwisi zachepa. Ikatuluka youma ndi yotuwa ngati yapakidwa phulusa, ndiye kuti mulu wauma m'kati ndipo ukufuna madzi msanga. Pakati pa mulu wamoyo pamafika madigiri 55 mpaka 65, kutentha kokwanira kupha njere zambiri za udzu ndi tizilombo toyambitsa matenda, koma kumeneko ndi pakati pokha, m'mbali mumakhala mozizira. N'chifukwa chake timatembenuza, kuti zakunja zilowe m'kati ndipo zam'kati zituluke kunja, komanso kuti mpweya watsopano ulowe. Ndimatembenuza pakatha milungu iwiri iliyonse, ndipo tsiku loyamba kutembenuza ndimalikonda kwambiri, makamaka m'mawa kukadali kozizira, pamene foloko ikangolowa nthunzi imatuluka tolotolo ngati wavundukula mphika wa chimanga, ndipo masamba amene anali ouma uja apeza atada ndi kufewa. M'nyengo yotentha manyowa otembenuzidwa chonchi amapsa pakatha miyezi iwiri kapena itatu. Mu Juni ndi Julayi, pamene usiku kumagwa chisanu, amachedwa, ndipo palibe chifukwa chodera nkhawa.

Zinthu ziwiri zimafuna kusamala mwapadera, phulusa ndi zitosi za nkhuku. Phulusa la nkhuni lili ndi potashi ndipo limachepetsa asidi m'dothi, koma lochuluka limawononga, choncho ndimangowaza lodzaza dzanja limodzi apa ndi apo, ndipo sindiliika pamwamba penipeni pa zitosi, chifukwa limathamangitsa nayitirojeni amene amatuluka ndi fungo lokhala ngati la mkodzo. Phulusa la moto umene munatenthedwa mapulasitiki kapena matabwa opaka penti silifunika konse. Zitosi za nkhuku ndi zamphamvu kuposa ndowe za ng'ombe, ndipo zikaikidwa zaziwisi m'ndowa zimawotcha mizu. Ndinataya mbande za repu za ndowa ziwiri mwanjira imeneyi m'masiku atatu okha. Ziyenera kudutsa kaye m'mulu. Chimbudzi cha agalu ndi amphaka sichilowa m'manyowa, ngakhalenso dothi lakuda lokongola limene limapezeka pomwe paipi ya zonyansa inaphulika. Ife amene tinaona kolera wa 2008, ndi uja wa 2018 amene anavuta kwambiri ku Glen View ndi ku Budiriro, tikudziwa chifukwa chake, makamaka poti ndiwo zina monga matimati ndi anyezi timadya zosaphika. Kapinga ndi chisoso chimene chabereka kale njere ndimayamba ndaziyanika padenga mpaka zitauma kotheratu, ndipo njere za chisoso ndimaziikiratu pambali.

Oyamba kumene amachita mantha akaona zamoyo m'mulu, koma zambiri ndi antchito athu. Nyongolotsi, abongololo ndi mphutsi zikuluzikulu zotuwa zimene zimadya zowola mofulumira, zonsezi ndi zabwino. Nyerere zikachuluka zikukuuzani kuti mulu wauma. Chiswe chimabwera ku mapesi ouma ndipo chimathandiza kuwaphwanya, kungoti mulu usakhale pafupi ndi zitseko kapena mitengo ya denga. Mbozi zoyera zopindika zimene ndimazipeza m'dothi la m'ndowa ndimazitola n'kupatsa nkhuku za aneba, chifukwa zina mwa izo zimadya mizu.

Manyowa akupsa amakhala akuda, onyenyeka, ozizira ngakhale mwawatembenuza, ndipo fungo lake limakhala la nthaka imene yangolandira mvula yoyamba. Simungazindikirenso kuti ili linali khoko la nthochi, kupatula zigoba za mazira ndi zitsononkho zimene zimachedwa. Kuthamangira kugwiritsa ntchito manyowa osapsa m'ndowa n'kulakwitsa kwakukulu, chifukwa tizilombo timene tikumalizitsa ntchito yowoletsa timalanda nayitirojeni yemwe chomera chikufuna, ndipo masamba amachita chikasu ngakhale mwathira manyowa ambiri. Ndikakayikira, ndimaika manyowa onyowa pang'ono m'kapepala kapulasitiki n'kumanga kwa masiku atatu. Ndikamasula n'kumva fungo lowawasa kapena la mkodzo, ndimawasiya milungu ina iwiri. Njira ina ndiyo kufesa njere za mpiru m'kachitini ka manyowawo: zikamera bwino ndi kubiriwira, apsa.

Kusakaniza kwake sikuvuta. Dothi lakale ndimaliphwanya zibuma, kuchotsa mizu, n'kulisefa pasefa ya waya. Pa ndowa ziwiri za dothi limeneli ndimaika ndowa imodzi ya manyowa akupsa, ndipo ngati dothilo ndi katondo wofiira womata ngati wa kumpoto kwa mzinda, ndimawonjezera theka la ndowa ya mchenga wakumtsinje wa njere zikuluzikulu. Manyowa okhaokha si abwino m'ndowa, chifukwa amasunga madzi ambiri ndipo amatsika msanga. Ndikasakaniza ndimanyowetsa pang'onopang'ono kwinaku ndikutembenuza ndi manja, makamaka ngati ndi dothi la makungwa lija lokana madzi, kenako ndimafunditsa saka n'kusiya mlungu umodzi kapena iwiri ndisanadzale. Mabowo apansi pa ndowa ndimawatsegulanso ndi kuwonjezera ena m'mbali cha m'munsi. Miyala imene ambiri amaika pansi pa ndowa ine ndinasiya kuika, chifukwa sithandiza madzi kutuluka ndipo imangolanda malo a mizu.

Ndinenenso chilungamo pa mphamvu ya manyowa, kuti munthu asadzakhumudwe. Feteleza wa AN ali ndi nayitirojeni 34.5 pa 100 iliyonse, pamene manyowa a pakhomo nthawi zambiri amakhala ndi 1 kapena 2 pa 100, ndipo amamutulutsa pang'onopang'ono. Phindu lawo lalikulu ndi kufewetsa dothi, kusunga chinyezi ndi kubwezeretsa zamoyo, zimene feteleza sangachite. Ndiwo zimene timathyola mlungu uliwonse, monga repu, kovo ndi mpiru umene anzathu Achishona amati tsunga, zimafuna kuwonjezeredwa chakudya pakatha mwezi umodzi. Ine ndimathira manyowa odzaza manja awiri pamwamba pa ndowa iliyonse mwezi ndi mwezi, n'kuphimba ndi udzu wouma kuti dzuwa lisawaumitse.

Ndipo dothi likakonzedwa silibwerera ku mbewu yomwe ija. Ndimalemba ndi makala kunja kwa ndowa chimene chinali momwemo. Mmene munali matimati ndimadzalamo anyezi kapena mpiru, mmene munali repu ndimadzalamo nyemba, zimene timadya khwanya wake komanso zimasiya dothi lili bwino, ndipo matimati amalowa m'dothi limene lapuma ku banja lawo kwa nyengo ziwiri kapena zitatu. M'ndowa zimene ndinapezamo manematodi, ngakhale nditaziwotcha ndi dzuwa, ndimayamba ndadzalamo maluwa a marigold mothithikana kwa miyezi iwiri kapena itatu, chifukwa mizu yake imachepetsa tizilombo timeneti.

Mwa ndowa 14 zimene ndakhuthula mlungu uno, 11 zinali ndi mizu yoyera, ndipo dothi lake lasefedwa kale, likudikira manyowa a mulu umene ndinaunjika mu Meyi. Ziwiri zinali ndi mfundo zochepa pamizu ya tsabola, ndipo dothi lake lagona m'mapulasitiki pasimenti mpaka pakati pa Okutobala. Imodzi, imene munali matimati amene anafota mwadzidzidzi, yapita pansi pa mpanda. Mayi wa kutchalitchi uja wanditumizira uthenga kuti wazula repu wake ndipo mizu ndi yoyera, choncho Loweruka abwera ndi thumba kuti adzatenge ndowa imodzi ya manyowa, ndipo tagwirizana kuti iyenso abweretse masamba ouma a pabwalo pawo, tidzaunjikire limodzi mulu watsopano woti udzapse mvula ikamayamba.